Lorene ndi Nyumba ya Pakona

Pamsewu wathu wa Walnut, kuno ku Toledo, palibe amene sadziwa Lorene Maddox, mayi wamtali uja wophika kusukulu ya pulaimale. Ana onse amene anakulira kuno anadyapo makaroni ake, ndipo ambiri analawaponso lilime lake. Ndi munthu wabwino ndithu, wosaba, wosajomba kuntchito, wa kwaya kutchalitchi. Koma nsanje, abale! Ndipo nsanje yakeyo si yomwazika kwa aliyense ayi. Mnzake wa kwaya akagula chipewa chatsopano Lorene amamuyamikira ndi mtima wonse. Nsanje yake yonse anaisungira munthu mmodzi, mng'ono wake Deneen.

Anabadwa awiri okha m'banja la a Hollis, bambo wogwira ntchito kufakitale ya magalasi. Lorene ndiye anali wotsuka mbale ndi woperekeza amayi kogula zinthu, Deneen anali woseketsa alendo. Deneen akaswa kapu amayi ankangoseka, amvekere mwanayu kupupuluma anatengera bambo ake. Lorene akaswa ankauzidwa kuti wamkulu sachita zimenezo. Atakula, Lorene analowa m'banja n'kutulukamo patapita zaka zingapo atatsala ndi dzina la Maddox ndi sofa imodzi. Deneen za ukwati sanazilabadire n'komwe, anapeza ntchito yolandira odwala kuchipatala cha mano, n'kumakhala akumwetulira tsiku lonse, malipiro n'kumabwera.

Ngongole zinawapeza limodzi. Amayi awo anadwala khansa chaka chathunthu, inshuwalansi n'kumalipira zimene yafuna, zotsalazo atsikana awiriwa n'kumaziika pa makhadi awo a ngongole. Mankhwala pa khadi, namwino wobwera kunyumba pa khadi, pamapeto pake bokosi la maliro nalonso pa khadi. Ataika maliro aliyense anayesa kubweza, koma chiwongoladzanja chinkathamanga kuposa malipiro, mpaka onse awiri anangosiya. Apo mafoni anayamba. M'mawa foni, masana foni, munthu uli patebulo foni.

Patatha zaka zitatu za moyo wotero, Deneen anabwera kwa mkulu wake Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, n'kudzigwetsa pa sofa ija.

"Asisi, ine ndatopa," anatero Deneen. "Lachiwiri ndikupita kwa loya, akandilembere zokavomera kukhoti kuti ndagwa, ngongole zandikulira. Akafufute zonse, ndiyambe moyo wina."

"Iwe, wapenga?" anatero Lorene. "Mwana wa a Hollis akaime pamaso pa anthu kuti ine ndalephera? Ndiponso ukudziwa kuti banga limenelo limakhala pa mbiri yako ya ngongole zaka khumi? Khumi! Pamene ukangokhala phee, osalipira, osayankha foni, ngongole imafufutika yokha pa mbiriyo zikakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Zitatu tadya kale. Ngakhale ana a kusukulu kwanga angakuwerengere masamu amenewa."

"Ndiye zinayi zotsalazo ndizikhala ngati khoswe kuuna? Foni ikangolira mtima phaa?"

"Kupirira, mwana iwe."

"Pirirani inuyo, asisi, ndinu akatswiri ake. Ine kupirira kumandiyambitsa zidzolo."

Deneen anapitadi. Lorene anasankha kudikira, ndipo kudikira kwakeko anakugwira ngati ntchito. Nambala yachilendo ikaoneka pafoni ankangoitembenuza chafufumimba. Makalata a otolera ngongole ankawaponya m'bini osatsegula. Chilichonse ankagula ndi ndalama yapamanja. Galimoto yake inakalamba mpaka chitseko cha woyendetsa chinasiya kutseguka, iye n'kumalowera mbali inayo n'kumakwawa, mayi wamkulu wovala yunifolomu yoyera, ana a sukulu akuonerera. Eni nyumba zabwino akangoona mbiri yake ankamuuza kuti pepani yatengedwa, ndiye anakhazikika m'zipinda ziwiri zapamwamba pa nyumba ya mkulu wina wosafunsa zambiri, mmene chisanu chimalowera pamawindo ngati nachonso chimalipira lendi. Koma mumtima ankadzitonthoza. Dzina lake lidzayera la Deneen likadali lakuda, ndipo tsiku limenelo adzamuyang'ana mng'ono wakeyo osanena kanthu, kungomuyang'ana basi.

Koma zinthu za m'dziko muno! Chaka chisanathe chichokereni kukhoti, Deneen anayamba kulandira makalata a mabanki omupempha, inde kumupempha, kuti atenge khadi. Chaka chachiwiri anatulukira pa Walnut ndi galimoto yofiira, n'kuliza hutala pansi pa windo la Lorene.

"Tsikani, asisi, ndikuyendetseni! Iyi zitseko zake zonse zimatseguka!"

Lorene anatsika, n'kuizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo.

"Ndani wakukongoza iwe? Ali bwinobwino m'mutu?"

"Ali bwino kuposa inu ndi ine," anatero Deneen akuseka. "Akudziwa kuti ndilibe ngongole ina, komanso kuti lamulo silindilola kubwereranso kukhoti kuja mpaka patapita zaka zambiri. Ndiye andiope chiyani? Kwerani."

Anakwera, koma ulendo wonse sanaone msewu. Ankangomva fungo la mipando yatsopano likumukwera m'mutu. Zinamuwawa, ndipo tisabise, zinamuwawa koopsa. Iye amene anasunga ulemu wa banja akukwawa m'galimoto ngati wakuba, woswa makapu uja akuyenda ndi yofiira. Tsiku lotsatira kukhitchini ya sukulu mapoto anaona zakuda, anawakwecha mpaka anzake anamufunsa ngati kwagwa zovuta.

Komabe galimoto sinali nkhani yeniyeni. Chimene Lorene ankadikirira zaka zonsezi chinali nyumba ya pakona, ya a Stokes. Ndi nyumba yamatabwa, yosakula kwenikweni, ya khonde lalikulu lozungulira mbali ziwiri ndi mtengo wa mapeyala kumbuyo. Imaoneka bwinobwino munthu ukaima pawindo la kukhitchini kwa Lorene. Mayi Stokes atayamba kudwala miyendo, Lorene ndiye ankawapititsira msuzi wa nkhuku ndi chigumu, ndiye nyumbayo ankaidziwa mpaka thabwa limene limalira ukaliponda. Sanauze munthu kuti akuifuna. Koma ife a pamsewu pano tili ndi maso, tinkaona mmene ankachepetsera liwiro akafika pakonapo. Mwezi uliwonse ankapatula kangachepe kodzaperekera chikole cha ngongole ya nyumba, kuti tsiku limene dzina lake lidzayere adzapite kubanki mutu uli m'mwamba.

Bambo Stokes anamwalira, mayi Stokes n'kutsatira, ndipo mu Epulo wa chaka chomaliza cha kudikira kwa Lorene, mwana wawo wokhala ku Atlanta anabwera kudzakhoma chikwangwani chogulitsa pa kapinga. Lorene anachiona akutsuka kapu. Tsiku lomwelo anapempha kuweruka msanga, anavala diresi la kutchalitchi n'kupita kubanki.

Mayi woona za ngongole za nyumba anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali.

"Mayi Maddox, mwayesetsa," anatero. "Zambiri zafufutika kale. Yatsala imodzi, yaikulu ija, ndipo ndi imene ikukutsekerani. Imeneyi ichoka yokha mu Novembala. Mudzabwere nthawi imeneyo tidzakambirane bwino."

"Novembala? Nyumbayo ikugulitsidwa panopa."

"Ndikumva, mayi. Koma lero sindingathe."

Lorene anapita kwa mwana wa a Stokes uja, amene anamupeza akutulutsa makatoni m'galaja. Mwamunayo anamukumbatira, n'kumuthokoza chifukwa cha msuzi wonse uja, koma za kudikira anapukusa mutu. Anati msonkho wa nyumba ndi inshuwalansi zikumudya, woyamba kubwera ndi pepala la banki ndiye atenga makiyi.

Lamulungu lotsatira Deneen anabwera kudzadya, monga ankachitira kamodzi pamwezi. Anadya nkhuku, anawonjezera mbatata, kenaka akupukuta zala anangoti:

"Asisi, mukudziwa kuti a banki andivomera ngongole ya nyumba? Akuti zikangodutsa zaka ziwiri chichokereni kukhoti, ngati ukulipira bwino zako, khomo ndi lotsegula. Dzulo ndinakaona ya a Stokes ija. Khonde limene lija, mayo ine!"

Lorene anaika foloko pansi pang'onopang'ono.

"Nyumba zatha mu Toledo muno?"

"Zilipo, koma iyi ili pafupi ndi inu. Bwanji, simukufuna ndikhale neba wanu?"

"Denga lake limadontha."

"Ndaona, ndi pakona pamodzi pokha."

"Pansi pake pamalowa madzi."

"Aa, asisi, mwasanduka woyendera nyumba liti?" anatero Deneen akuseka, n'kutenga ntchafu ina ya nkhuku.

Lorene sanadyenso. Deneen atapita, anakhala pampando mbale zili pomwepo, mtima ukuwira. Akanamva kuti nyumbayo yagulidwa ndi mlendo wochokera kutali akanalira tsiku limodzi n'kuiwala. Koma Deneen! Deneen kukhala pakhonde lija miyendo atasanjikiza, akumubayibitsa iye ali pawindo la nyumba ya lendi! Ayi, zimenezo mtima wake unakana.

Lolemba masana, atangofika kuchokera kuntchito, foni inalira. Nambala yachilendo. Dzanja lake linapita lokha kuti liitembenuze monga mwa masiku onse, koma linaima. Anaganiza za mawu a mayi wa kubanki aja, kuti yatsala imodzi yokha. Nanga atalankhula nawo eni ngongoleyo? Nanga atawasonyeza kuti iye si munthu wothawa? Anayankha.

"Mayi Maddox? Mwaswera bwanji, mayi?" Anali mnyamata wa mawu ofewa, aulemu ngati wolandira alendo pakhomo la tchalitchi. Anati kampani yawo inagula ngongole yakale ija, ndipo sakuimba kuti akangane, akungofuna kumva ngati pali mmene angathandizire.

"Tamvera, mwana wanga," anatero Lorene. "Ine ndikufuna kugula nyumba, ndipo ngongole yanuyi ndi imene yandiima pakhomo. Nditati ndiperekeko kenakake, mungalembe kuti mayiyu akulipira, a banki aone?"

"Mayi, anthu onse akanamaganiza ngati inu ntchito yathu ikanakhala yokoma. Sitikufuna zambiri. Ngakhale madola makumi awiri okha lero, kungosonyeza mtima wabwino. Ndilemba pompano kuti mwalipira."

Madola makumi awiri! Ndalama ya mafuta a galimoto. Lorene anatenga khadi lake lolandirira malipiro n'kumuwerengera mnyamatayo manambala, kuwabwereza kawiri kuti asalakwitse. Atadula foni anamva kupepuka, mpaka anayimba nyimbo ya kwaya akutsuka mbale za dzulo zija. Ankadziona akulowa m'banki Deneen asanasaine kalikonse.

Patapita milungu iwiri anabwerera kubanki. Mayi uja anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti palibe chasintha, ngongole ikadali pomwepo, adikire Novembala. Lorene anaimbira mnyamata waulemu uja, koma anayankha munthu wina amene sankamudziwa n'komwe. Kenaka Loweruka lina mu Juni, akusesa masitepe, panaima galimoto, munatuluka bambo wonenepa atanyamula envelopu.

"Ndinu a Lorene Maddox?"

"Ndine."

"Izi ndi zanu. Tsalani bwino."

Anali mapepala a kukhoti. Kampani ija inali itamusumira ngongole yonse, ndi chiwongoladzanja cha zaka zonse zija pamwamba.

Loya amene Lorene ankamudziwa anali mmodzi yekha, yemwe uja anathandiza Deneen, bambo Pruitt, amene nkhope yawo ili pa zithunzi zotsatsa ntchito yawo pa mabenchi odikirira basi. Zaka zonsezi Lorene ankakana kukhala pa mabenchi amenewo. Tsopano anakwera masitepe a ofesi yawo atavala magalasi akuda kuti asadziwike. Bambo Pruitt, mkulu wa imvi wokonda kutafuna maswiti a chifuwa, anawerenga mapepalawo n'kufunsa funso limodzi.

"Mwawapatsako ndalama posachedwapa?"

"Madola makumi awiri okha. Kungosonyeza mtima wabwino."

Mkuluyo anavula magalasi n'kudzipukuta kumaso ndi dzanja.

"Mayi anga, ngongole imeneyi inali itagona. Kuno zikadutsa zaka zisanu ndi chimodzi munthu asanalipireko kanthu, mwini ngongole sangapambanenso mlandu kukhoti. Inu zaka zimenezo munali mutazidutsa kale. Akanangokhala akuimba foni mpaka kutopa. Koma mukangoperekako, ngakhale dola imodzi, zaka zija zimayambiranso poyamba. Ndi chifukwa chake anakupemphani zochepa. Sankafuna madola makumi awiriwo, ankafuna tsiku latsopano loyambira kuwerenga."

"Ndiye kuti ndikanangokhala chete..."

"Mu Novembala mukanakhala mfulu."

Bambo Pruitt anamufotokozera njira zotsala. Akhoza kusiya mlanduwo uyende, kampaniyo ipambane, iyambe kudula gawo la malipiro ake mwezi ndi mwezi asanawaone n'komwe, ndipo palibe banki ingamuyang'ane. Apo ayi, achite zimene anachita Deneen, akavomere kukhoti kuti wagwa, mlandu uime, ngongole ifufutidwe. Koma ndalama zimene anasungira nyumba zija zambiri zipita, ndipo za ngongole ya nyumba aiwale kaye kwa zaka ziwiri.

"Ndipo banga lija likhala zaka khumi," anatero Lorene.

"Khumi, kuyambira chaka chino."

Anasaina mapepala ovomera kuti wagwa. Tsiku lokaonekera kukhoti anasita diresi, anapemphera, anakonzekera manyazi aakulu amene anawathawa zaka zonse zija. Anapeza kachipinda kokhala ndi mipando yapulasitiki, anthu otopa akudikira mayina awo, aliyense maso ali pa foni yake. Mkulu wina wa tayi yopindika anamufunsa ngati zimene zalembedwazo ndi zoona, iye anati inde, anamufunsanso ziwiri zitatu, n'kuitana wotsatira. Zonse zinatha msanga, mpunga ukanakhala pamoto sukanapsa n'komwe. Lorene anatuluka panja ali ndi ukali woposa umene analowa nawo, chifukwa ngakhale manyaziwo sanabwere. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana.

Deneen anamva nkhaniyi kwa mlembi wa bambo Pruitt, amene amapangitsa mano kuchipatala kumene Deneen amagwira ntchito. Anakwera masitepe a kwa Lorene akuthamanga, osagogoda.

"Asisi! Mpaka ndimve kwa anthu? Bwanji simunandifunse musanawapatse ndalama akuba amenewo? Ine zimenezo bambo Pruitt anandichenjeza tsiku loyamba!"

"Ndikufunse iwe?"

"Ee, ine! Ndine chitsiru cha banja lino, ndikudziwa, koma chitsiru chimene chinakhalapo pampando wa loya."

Lorene anapitiriza kupinda zovala osamuyang'ana.

"Nyumba ija wasaina?"

Deneen anakhala pansi. "Ndasaina Lachisanu. Asisi, ndinkadziwa kuti mumaifuna. Msewu wonse umadziwa. Koma mwana wa a Stokes sakanakudikirani, panali kale anthu ena awiri. Ndinati bola ikhale m'banja kusiyana n'kuti ipite kwa alendo. Chipinda chapamwamba chija, choyang'ana ku mtengo wa mapeyala, ndi chanu. Samukani m'chisanu muno."

"Unkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ndipo unadya nkhuku yanga n'kumandiuza za khonde."

"Ndinkafuna munene nokha! Mukanangoti Deneen, nyumba imeneyo ndi yanga, tikanaona chochita tonse awiri. Koma inu munayamba za denga lodontha."

Mawu amenewo anamulasa Lorene chifukwa anali oona, ndipo chifukwa anali oona anakwiya kwambiri.

"Ndikhale wa lendi wako ine? Ndizikupempha chilolezo chokhomera msomali pakhoma? Zikomo, mayi landilodi. Chisanu changachi ndachizolowera."

Deneen anasamukira pakona mu Ogasiti. Lorene anathandiza kunyamula makatoni, poti anthu akanadabwa akanapanda kutero, ndipo anabweretsa makaroni m'mbale yaikulu. Anayenda m'zipinda zonse akumwetulira moti masaya anamuwawa. Sofa ya Deneen inaikidwa pamalo olakwika, makatani anali aafupi, koma sanatsegule pakamwa.

Loweruka lina m'mawa Deneen anamuitana ali pakhonde, atayala timapepala ta mitundu ya penti patebulo.

"Asisi, tabwerani mundithandize. Matabwa akunjawa akufunika penti chisanu chisanayambe, ndipo ine mitundu imandisokoneza. Inu muli ndi diso. Komanso ndinu amene muziiona tsiku lililonse pawindo panu paja, ine ndizikhala m'kati. Sankhani inuyo, chimene munene ndipaka chomwecho."

Ananena ndi mtima woyera, ndipo Lorene anaona kuti ndi mtima woyera. Anayang'ana timapepala tija. Mtundu wake unali pomwepo, wachitatu kuchokera kumanzere, wachikasu chofewa ngati batala, ndi woyera wa m'mphepete mwa mawindo. Anausankha kalekale, mayi Stokes akadali moyo, ndipo m'maganizo mwake nyumbayo anali ataipaka kambirimbiri. Chala chake chinafika pamwamba pa kapepalako. Anaganiza za Deneen atakhala pakhonde lachikasu, anthu odutsa akuima n'kumati koma Deneen nyumba waikongoletsa. Chala chinapitirira, n'kukagwa pa kapepala kakumapeto, kabulauni wakuda ngati matope a m'ngalande.

"Uwu," anatero. "Suonetsa litsiro."

Deneen anakweza kapepalako, n'kukwinya mphuno pang'ono.

"Uwu, asisi? Mukutsimikiza?"

"Wandifunsa kapena sunandifunse?"

"Chabwino, chabwino. Inu ndi amene mumadziwa."

Opaka penti anabwera sabata yotsatira. Lero mukadutsa pa Walnut muiona nokha, nyumba yabulauni pakona, yakuda bii ngati nyumba yosungiramo katundu, moti ana a pamsewu pano amadutsa chakutsidya kukayamba mdima. Deneen alibe nazo ntchito, amakhala m'kati mowala, ndipo aliyense womufunsa amamuuza monyadira kuti mtunduwo anasankha ndi asisi ake. Lorene akadali m'zipinda zake ziwiri zija, akuwerenganso zaka kuyambira poyamba. Sinki yake ili pansi pa windo, ndipo mbale sangatsukire kwina. M'mawa uliwonse amaima pamenepo ndi kapu m'manja, nyumba ija ili patsogolo pake.